Tsiku Limene Anasiya Kuyang'ana Mitambo

Tili kwathu, amuna anga ankagwira ntchito yoona zanyengo pabwalo la ndege. M'mawa uliwonse ankapopa chibaluni, n'kuchisiya kuti chikwere, n'kumachitsatira ndi makina mpaka chitazimiririka. Ine nditapeza ntchito ya unamwino ku Edmonton, dera la mumzinda wa London, ananditsatira ali ndi cholinga chimodzi, chodzaphunzira za mlengalenga ku yunivesite. Koma chaka ndi chaka ankangoti chaka chamawa, uku akutsuka mabasi kugalaja.

Chimene sanasiye ndi kusuzumira pawindo. Ndikamavala nsapato ankati, "Mayi, tengani ambulera, mtambo uwo si wabwino." Ndinkawaseka kuti ku London ngakhale mwana atha kulosera mvula, koma ambulerayo ndinkatenga.

Loweruka lina masana, pa TV panali filimu ya azungu akale amene ankakwera m'dengu lopachikidwa ku chibaluni kuti akayeze kuzizira kwa kumwamba. Ndinawakoka amuna anga kuti adzaone, poganiza kuti mtima wa sukulu uwabwerera. Ine ndikafuna chinthu sindimva za munthu.

Anaonera, tiyi n'kuzizirira m'manja. Anthu aja anakwera kupitirira mitambo, milomo ili bii, zala zitauma, koma mmodzi ankawerengabe choyezera chake. Dengu likayamba kutsika, ankataya matumba a mchenga. Mchenga utatha anataya zakudya, kenako majasi awo.

"Mwaona?" ndinatero. "Anzanu ankalimba mtima chonchi. Inu yunivesite ya Greenwich yomweyi, mukuopa chiyani?"

Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anati, "Mayi, iwowa akataya mchenga ankakwera. Ine ndinataya ntchito, mabuku ndinasiya, ngakhale kumaliro a bambo anga sindinapite. M'dengumu mwatsala chiyani choti nditaye? Ndidakali pansi pomwe, kutsuka ma bus."

Anadzuka n'kuzimitsa TV. Mpaka lero sindidziwa ngati anthu aja anatsika amoyo. Mtima unandiwawa kwambiri.

Lolemba ndinavala nsapato pang'onopang'ono, kudikira. Iwo anali atakhala chofulatira windo, akumanga zingwe za jombo zawo. Ndinatsokomola, iwo osatembenuka. Ndinatuluka chimanjamanja, mvula n'kundipeza pasiteji ya basi, ndipo kuwodi ndinafika nditanyoweratu.

Za yunivesite sanazitchulenso. Kuyambira tsiku limenelo, za ambulera ndimadziganizira ndekha.