Pakhomo pa bala ya a Nachisale

Ndikakumbukira mwera wa chaka chimenecho, ndimaona nsalu yofiira yotchinga pakhomo pa bala ya a Nachisale ikukupiza ndi mphepo, kuseri kwake amuna a m'mudzi mwathu atathithikana pamabenchi, maso onse ali pa kanema. Balayo inali ya zidina, yofolera malata adzimbiri, ndipo ukadutsa chapafupi unkamva fungo la masese, la kanyenya wa mbuzi ndi utsi wa jenereta. Inali nyengo ya mpira wa mayiko, komanso nyanja inali itakwiya kwa masabata angapo. Mabwato anali gone pamchenga, pamathandala oyanikapo usipa pali mbee, ife atsikana tikungosewera phada pansi pake. Asodzi analibe kwina kopita.

Bambo anga, a Saidi, sankamwa. Akachokera ku swala ya masana ankakakhala pa benchi yakumbuyo ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, ngakhale anzawo akumzikiti ankawanena. Mwina n'chifukwa chake anali aukali pa za malowo. Tsiku lina amayi atandituma kwa bambo kubalako ndinalowa mpaka m'kati, ndipo titafika kunyumba bambo anandikwapula ndi kanthambi ka bwemba, nati mwana wamkazi saponda pamowa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mawuwo anandilowa.

Loweruka lina amayi anapita ku Lifuwu kukamweta mpunga waganyu. Tinali titadyera chigwada masiku anayi otsatizana. Achimwene anga a Ajibu, amene anali asanamere n'komwe ndevu, anatenga nkhafi ya bambo, nati angokaponya mbedza chapafupi. Akuluakulu ankati mwera suona nkhope, koma iwo anangoseka, n'kundiuza kuti ndisonkheretu moto. Ndinaima pagombe kuonerera bwato likukwera ndi kutsika, mpaka funde lina linalitembenuza. Ndinaona mutu wawo, kenako dzanja likufufuza pogwira.

Ndinathamanga mchenga ukundilasa m'maso, koma nditafika pa nsalu ija ndinaima. M'katimo munali chiphokoso, ati penate. Ndinagwada pakhomo monga ndinaphunzitsidwira, n'kuomba m'manja, "Odi, odi," koma jenereta inameza mawu anga. Pampata wa nsaluyo ndinkauona msana wa bambo, pafupi pomwepo. Sindidziwa kuti ndinagwada nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti chigoli chinalowa, anthu anadumpha, anakhalanso pansi, ine ndikadali chigwadire.

Anandipeza ndi a Nachisale potuluka kukataya madzi otsukira zikho. "Iwe mwana, watani?" Nditangotchula bwato, anaponya beseni pansi, nathamangira kuseri kukazimitsa jenereta. Kanema atathima amuna anayamba kutukwana, koma mayiwo anakuwa kuposa onse: "Tulukani! Mwana wa a Saidi akumira!" Akhristu ndi Asilamu, oledzera ndi osaledzera, anakankhira limodzi boti la injini m'mafunde, bambo ali patsogolo, chipewa chitawagwa. Anabwerako ndi bwato lokha. Achimwene anapezeka Lolemba m'mawa m'mabango, kumpoto kwa doko lathu, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo.

Palibe anandifunsa kanthu. Bambo sanapitenso ku balako, ndipo anthu akakuwa kusangalalira chigoli iwo ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinasenza chinsinsi changa mpaka sabata ya ukwati wanga, pamene ndinawapeza bambo akusoka ukonde n'kuwaululira kuti ndinachedwa pakhomo paja. Sanadzutse mutu. "Ndinkadziwa, mwanangu, a Nachisale anandiuza," anatero. "Unachita zimene ndinakuphunzitsa ine." Ndinaona misozi ikudonthera paukondewo.

Asodzi amati ngakhale ndikanalowa, mwera umenewo sukanamubweza munthu, ndipo masiku ena ndimawakhulupirira. Balayo lero ndi golosale, anyamata amaonera mpira pafoni aliyense payekha, moti tsoka litagwa sindidziwa kumene mwana angathamangire kuti akapeze amuna onse pamodzi. Ana anga aakazi ndinawaphunzitsa kugwada ndi kuodira, chifukwa ulemu ndi wabwino. Koma ndinawauzanso, ali aang'ono kwambiri, kuti munthu akamamira suodira: ulowe, ukuwe, zokwapulidwazo zikupeze pambuyo.