Pamene Kaligo Amatsala Yekha

Pa Kaluluma palibe amene sawadziwa a Lazaro a pachigayo. Ukawafunsa, anthu amayamba aseka, kenako n'kukulozera bambo wamtali, wotuwa mbuu kuyambira tsitsi mpaka nsidze, moti sudziwa ngati ndi imvi kapena ufa. Zoona zake n'zakuti ndi zonse ziwiri. Chigayocho n'cha a Rahim, eni golosale ya pafupi ndi mzikiti, koma amene achidyetsa chimanga chiyambire chili chatsopano ndi a Lazaro. Kumudzi kwawo, kutsidya kwa dambo, ali ndi kamunda ka fodya ndi chigafa chimodzi chopendekera kumadzulo, chimene akazi awo, a Elube, amati chidzagwa tsiku limene iwo adzasiye kuchinyoza.

A Lazaro matenda awo a nyimbo anabwera ndi lole. Chaka china a Rahim anagula kalole kakale kochokera ku Japan, kolimba bwino, koma wailesi yake inali yamwano. Ukaliza galimoto inkakupatsa moni m'chilankhulo chakwawo, ndipo mawailesi athu onse inkawakana. Chimene inkadziwa n'kuimba zimbale zimene mwini wake woyamba anaiwala m'mimba mwake. A Rahim anaiyesa kamodzi n'kuitaya mtima. Ndiye tsiku lina anatenga a Lazaro kuti akawathandize kutsitsa mabelo a fodya kudepoti. Mzera unali wautali, nthawi ya swala ya masana inakwana, a Rahim anapita kukaswali, ndipo a Lazaro, atatsala okha kutsogolo kwa lole, anadina batani chifukwa chosowa chochita.

Poyamba anayesa kuti palibe chikutuluka. Kenako anamva kung'ung'udza kwapansipansi, kochokera patali, ndipo pamwamba pake panabwera zingwe zambiri zikulirira pamodzi. A Lazaro anakhala bwino pampando kudikira kuti woimba alowe, monga nyimbo iliyonse ichitira. Malipenga analowa, ng'oma zinalowa, zitoliro zinakangana n'kugwirizananso, mthunzi wa lole unasuntha, koma woimba uja sanabwere, ndipo mpaka lero sanafike. Pamene a Rahim ankabwerera anapeza munthu wamkulu ali kukamwa yasa, maso ali pagalasi koma osaona kanthu.

"Kodi mwadwala, a Lazaro?"

"Iyayi, bwana. Koma musazimitse, anthuwa sanamalize kuyankhula."

Amene anawatsegulira njira ndi a Ayesha, mlongo wawo wa a Rahim, amene ali ndi kashopu kogulitsa mafoni ndi kuika nyimbo m'timakhadi. Anakopera zimbale zonse za m'lole muja m'kakhadi ka foni ya a Lazaro, ndipo poti ndi mayi wosakonda kusiya chinthu pakati, anafufuza mwini nyimbozo. Anawauza kuti anali mkulu wina wa ku Russia amene anamwalira kale, ndipo anakhala moyo m'nthawi imene munthu ankatha kusowa chifukwa cha nyimbo yosakomera akuluakulu. A Lazaro anangogwedeza mutu, chifukwa anthu a msinkhu wawo safunika kuwafotokozera kawiri za nthawi zotero. Dzina la mkuluyo analiyesa, lilime linakana, ndiye anangomutcha Mkulu Uja. A Ayesha anawaonetsanso chithunzi cha dzikolo nthawi yozizira, pansi ponse poyera, mitengo yoyera, madenga oyera, anthu atayera m'mapewa.

"Ooo," anatero a Lazaro, "ndiye kuti kwawoko n'kuchigayo."

Kuyambira pamenepo chigayo chinasiya kukhala malo wamba. Dzuwa likalowera pazenera n'kugwira fumbi la ufa likutsika pang'onopang'ono, a Lazaro ankaona dziko la Mkulu Uja, ndipo amayi odzagayitsa ankachita kuwagwedeza kuti lichero ladzaza.

Nyimbozo anazigawa pawiri m'njira yawoyawo. Zina ankati ndi za mudzi wonse, zija zazitali zimene anthu ochuluka amaimbira pamodzi, za malipenga ndi ng'oma. Zina ankati ndi za anthu anayi, poti oimba ake ndi anayi basi, aliyense ndi chingwe chake. Izi ankati zili ngati amuna anayi otsala pakhonde maliro atatha. Mmodzi amayamba nkhani, wina amamutsutsa, wachitatu amangovomera, ndipo wamawu aakulu uja amabwereza chinthu chimodzimodzi chimene chikumuwawa mpaka anzake atamumva. Ankazimvera m'chigafa, masana a Lamulungu akaweruka kutchalitchi, komanso nyengo yonse yosoka fodya. Foni ankaiika mu mtsuko wakale wosweka kukamwa kuti mawu akule.

A Elube ndiye sankazifuna n'komwe. Iwo ndi mayi wa kwaya, wodziwa kuti nyimbo imakhala ndi mawu, woyambitsa ndi ovomera.

"Abambo ake a Feggie, maliro amenewa ndi a ndani osatha? Nyimbo yanji yopanda mawu, yopanda povina, yopanda ngakhale poombera m'manja?"

"Mawu alimo, amake Feggie, kungoti sanawatchule."

"Ndiye akawatchula mudzandiitane."

Ankatero koma osachoka, chifukwa fodya sasokedwa ndi munthu mmodzi. Zaka zinadutsa akukhala moyang'anizana pansi pa mikangala yopachikapo fodya, singano m'manja, zala zitada ndi utomoni wa fodya, bambo akumvera, mayi akudandaula. Mwana wawo Feggie anakula, anakwatiwa ku Chisemphere, mtsuko uli pomwepo.

Koma panali malo amodzi m'nyimbo ina ya mudzi wonse amene a Lazaro ankawadikira kuposa china chilichonse. Malipenga ndi ng'oma zikamenyana mpaka mtsuko kunjenjemera, zonse zimagwa kamodzi, ndipo pamatsala chingwe chimodzi, chowonda, cholira pamwamba kwambiri. A Ayesha anati chimatchedwa vayolini, koma a Lazaro ankati ndi kaligo. Kaligoyo akatsala yekha, a Lazaro ankatsinzina, ndipo chigwa chonse cha Kasungu chinkayala pamaso pawo chitayera ndi ufa, mizere, zigafa, mitengo ya mango, zonse phee. Pakati pake pankayenda mayi mmodzi atasenza mtolo pamutu, osacheuka.

Mayiyo ankamudziwa. A Lazaro anabadwira m'banja la matenanti, anthu olima fodya wa eni ake, osamuka esiteti ndi esiteti nyengo ikatha. Chimene amakumbukira cha ubwana wawo ndi msana wa mayi awo uli patsogolo panjira, mphika ndi mphasa pamutu, akung'ung'udza kanyimbo kosamveka bwino. Mayiwo anamwalirira pa esiteti ina a Lazaro ali aang'ono, ndipo atakula n'kupita kukafuna manda, anapeza ponse pali mizere. Analibe chithunzi, analibe mtumbira woti akalambule. Anali ndi malo amenewo okha, pamene kaligo amatsala yekha, ndipo ankawakonda ndi mtima wonse ngakhale ankawaliza.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nyengo ina a Lazaro anaona kuti kaligo uja wayamba kubisala. Ankayamba bwino, koma akakwera pamwamba ankasowa, n'kudzatulukira kutsogolo. Anatsuka mtsuko, anapukuta foni, sizinathandize. Mwezi ndi mwezi mpatawo unkakula, mpaka tsiku lina ng'oma zitagwa panangoti zii, ndipo mayi uja sanaoneke. A Lazaro anakwiya ndi kakhadi. Ankadziwa kuti zimbale zimakandika, makaseti amatafunika, ndiye anaganiza kuti kakhadi nakonso katha pamalo pamene ankakonda kubwereza, monga buluku lithera m'mawondo. Anapita nako kwa a Ayesha.

"Mayi, kakhadika kaperepeseka pamalo amodzi. Mundiikire m'katsopano."

A Ayesha anawaikira. Patapita masiku a Lazaro anabweranso, nkhope itagwa, akuti katsopano nako n'kabodza. Apo mayiwo anati amvere limodzi, ndipo anaika nyimboyo pa sipika ya m'shopu. Ng'oma zinalira, malipenga anakuwa, ana ogula maswiti anathawira panja, kenako zonse zinagwa.

"Mwaonatu," anatero a Lazaro. "Pomwepa. Palibe kanthu."

A Ayesha anali atasiya chimene anagwira, mutu atapendeketsa, akumvera chinthu chimene chinkaoneka pankhope pawo kuti n'chokoma. Atawayang'ana a Lazaro, anatsitsa maso.

"Bambo Lazaro, ikuimbatu. Kaligo wanu akulira bwinobwino."

Ulendo wobwerera kumudzi tsiku limenelo unatalika. Padambo anaona mpheta zitatera pabango, milomo ikutseguka n'kutsekeka, koma osamva kanthu. Nyenje zimene ankati zachuluka chaka chino anazindikira kuti zikulira m'mutu mwawo momwe. Anakumbukira mmene a Elube anayambira kuwakalipira kuti amangoti "mwati?" pa chilichonse. Anachita mantha, mantha enieni, ndipo anakhala pansi pachulu.

Kuchipatala anawauza mosabisa kuti chimene phokoso la chigayo ladya sichibwerera, ndipo mawu owonda ndi amene amayamba kupita. A Rahim zinawakhudza kwambiri. Anawagulira zotseka m'makutu, n'kuwachotsa pafupi ndi injini kuti azilandira anthu panja. Zinali zabwino, koma zinabwera madzi atatayika kale. A Lazaro anatulutsa foni mu mtsuko n'kuiika m'thumba la jekete. Ng'oma ndi malipenga akanatha kuzimvabe, koma ankati n'kuyenda ulendo wonse kuti ukapeze pakhomo palibe munthu.

Nyengo yosoka fodya inafika. M'chigafa munali zii, kupatula mvula yowaza padenga la udzu imene a Lazaro ankangoiona ikudontha. Ankasoka mwaulesi, osayankhula, ndipo a Elube, amene kwa zaka zonsezi ankapempha bata, analipeza bata lija n'kuona kuti silikoma. Masana ena anaimirira, anapita kunyumba, anabwera ndi foni ija, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kuiponya mu mtsuko.

"Iyi ndi ntchito yanji yosoka ngati tili pa mlandu? Ikani maliro anu aja."

"Zisiyeni, amake Feggie."

"Ndati ikani. Ine mabataniwa sindiwadziwa."

Anaika. Nyimbo inayamba kung'ung'udza, inakula, inadzaza chigafa, masamba opachikidwa akugwedezeka pang'ono ndi kamphepo. A Lazaro ankasoka maso ali pansi pamene malo aja ankayandikira. Ng'oma zinagwa. Panangoti zii.

"Zimitsani basi," anatero ndi mawu otsika.

"Dikirani. Wayamba. Akukwera tsopano."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, amake Feggie. Kundiuza kuti akukwera kundithandiza chiyani?"

A Elube anaika singano pansi, anasuzumira kunja ngati kukubwera munthu, anakoka mpando wawo n'kukhala pafupi ndi amuna awo, kuseri kwa masamba. Anayamba kuimba motsatira kaligo, pamwamba pomwepo pamene iye anali. A Lazaro anaona milomo yokha ikuyenda, ndipo anapukusa mutu. Mayiwo anasiya, anakonza kukhosi, n'kuitsitsa nyimbo ija pansi, m'chifuwa, m'mawu amene amavomerera nawo pamaliro. Anatembenuka n'kuwapatsa msana.

"Tsamirani apa. Ikani khutu."

A Lazaro anachita manyazi ngati mnyamata, koma anatsamira. Ndipo anaimva. Inkabwera kudzera m'nthiti, yofunda, yonjenjemera pang'ono, koma inali yomweyo, pokwera pake pomwepo, pokhota pake pomwepo, ngakhale kaja kopumira kamene kaligo amachita asanatsike. Palibe pamene a Elube anaphonya. Chigwa chinayala, choyera mbee, zigafa ndi mitengo ya mango zili phee, ndipo mayi uja anali pomwepo ndi mtolo wake. Koma ulendo uno sanali patali. A Lazaro anali pamsana pake, khutu lili pansalu, akumva kanyimbo kaja kuchokera m'kati monga ankamvera asanadziwe kuyenda.

Nyimbo itatha anakhalabe chomwecho. Misozi inatsika n'kulemba mizere m'fumbi la ufa limene silichoka pamasaya awo, n'kunyowetsa bulauzi ya akazi awo.

"Munaidziwa liti?" anafunsa.

"Zaka zonsezi ndikusoka fodya pano, mumayesa makutu ndinkawasiya kunyumba?" A Elube anayankhula mokweza kuti amve, osatembenuka. "Ndipo musaganize kuti ndaikonda. Ndi yoipa ndithu. Kungoti munthu wake akumvetsa chisoni, kuyenda yekhayekha chonchija."

"Yambiraninso, amake Feggie."

"Fodya afota, bambo inu."

Anatero, koma msana wawo unali utayamba kale kukwera, akukoka mpweya.