Tsiku Limene Ndinaperekeza Mlamu Amene Kulibe

Zinanditengera miyezi inayi kuti ndivomere kuti kusagona ndi kumangolira popanda chifukwa si malungo. Nditafika kuchipatala cha matenda a maganizo, chipewa nditachikokera m'maso, ndinapeza a Mhango, aneba anga a ku Chibavi, ali phee pabenchi.

"Monire, adada," anandilonjera. "Inunso?"

"Ayi, ndangoperekeza mlamu. Walowa kuchimbudzi."

Mlamu ndilibe. Mkazi wanga anabadwa yekha, inenso chimodzimodzi, ndipo a Mhango amadziwa bwino chifukwa anavina pa ukwati wathu.

"Ine ndadzatenga mankhwala anga," anatero mosabisa. "Mutuwu ukayamba zake ndimaudziwa."

Kenako namwino anaitana dzina langa, lonse lathunthu. Ndinayang'ana kuchimbudzi. Ataitananso, ndinadandaula mokweza kuti mlamuyu amachedwa chomene. Kachitatu ndinanyamuka n'kukagogoda pachitseko, munthu wamkulu ine, ndikulalatira chimbudzi chopanda munthu.

Nditabwerera, a Mhango anandigwira dzanja.

"Lowani mukamuimirire, adada," ananong'ona. "Inenso ndinaperekeza mlamu wanga chaka chathunthu."

Ndinalowa, chipewa chili m'manja.