Anastazia ndi Mapale Ake Awiri

Simumudziwa Anastazia wa kwa Mlolo? Makutu anuwo mumamvera chiyani? Ngakhale opalasa mabwato ku Chiromo akumudziwa, mpaka dzina lake landitopetsa. Lembani mmene ndikuneneramu, musakometse.

Anali mkazi mnzanga. Ine Evelesi ndine wamkulu, ndinabereka ana asanu ndi mmodzi. Iye anachokera kutsidya kwa Apwitikizi chaka chimene njanji inadutsa kuno, kamkazi kouma ngati bango, kosadziwa n'kusinja mapira komwe. A Lorenso amuna athu, amene ankadula nkhuni za sitima zapamadzi, anakaonamo chiyani, kaya.

Ndiye a Lorenso anadwala. Madzi kumwa mtsuko wathunthu, ludzu osatha, thupi kumangosungunuka. Pamene ataya madzi, nyerere bii! Mzungu wa mankhwala anati ndi nthenda ya shuga, iye alibe chochita. A Lorenso anatiitana tonse pakhonde.

"Amene mankhwala ake athamangitse nyererezi, ndikakhala m'nyumba mwake mpaka kufa."

Ndinayamba ndine, si ine wamkulu? Ndinawiritsa mizu ya masau monga ankachitira mayi anga. M'mawa uliwonse tinkaika mkodzo wawo paphale, pafupi ndi nkhokwe, n'kumadikira. Sabata yoyamba nyerere zinadzaza. Yachiwiri Shire anasefukira, madzi anafika pabwalo n'kubwerera. Nditaika phale, nyerere ngakhale imodzi! Ndinalulutira mudzi wonse unamva. Ndinanyamula mphasa ya a Lorenso ndekha kupita nayo kwanga.

Anastazia anangobwera ndi phale lina, wapakapo uchi, n'kuliika pambali pa langa.

"Akulu, tiyeni tikhale pansi pang'ono."

"Ukufuna kundilodzera mwamuna, iwe Msena?"

"Nkhabe, iyayi, akulu. Ndikufuna ndione ngati nyerere za kuno zasiya kudya uchi."

Tinakhala mpaka dzuwa pamutu. Pauchi paja osabwera kanthu. Nyerere zonse zinali zitathawa madzi, zili m'mitengo ndi kudenga. Mwana aliyense wa kuno amadziwa zimenezo, koma ine chimwemwe chinanditseka maso. Amayi amene anandithandiza kululuta ndi omwewo anaseka mpaka kugwirana. A Lorenso ali apo akupempha madzi.

Pansi patauma inafika nthawi ya Anastazia. Amandinyansa, koma bodza sindinena: mkazi uja ndi wofatsa mutu. Sankasakaniza mitengo. Makungwa a mfula okha masiku khumi, mapale awiri tsiku ndi tsiku, la mkodzo ndi la uchi. Zikapanda kusintha, wataya, wayamba masamba a chammwamba. Anayesa mitengo isanu ndi iwiri. Anawaletsa nzimbe, anawaletsa mowa, phala anawachepetsera, nsomba ndi therere basi. Ine ndikawapatsa kambatata mobisa, mawa lake phale linkandiulula.

"Akulu, dzulo munaphika chiyani?"

"Funsa nyerere zakozo, si abale ako?"

Nyerere zinachepa, koma sizinathe. Ine ndinati eya, nayenso walephera, mphasa ikhale kwanga. Iye osatsutsa n'komwe. Anauza bambowo pamaso panga:

"Bambo, sindinakuchizeni. Sindikudziwanso ngati wathandiza ndi mtengo kapena njala imene ndakugonekani nayo."

Munthu wanzeru anganene zotero? A Lorenso anaseka, n'kupinda mphasa okha, ulendo kwa iye. Ati kumeneko n'kumene sanamizidwa. Anakhala zaka zinayi, anafera m'manja mwake. Ine anachita kundiitana.

Lero Anastazia maso anafa. Anthu amabwerabe kuchokera ku Marka ndi mapale awo, ndipo amawauza zomwezo, kuti sachiza. Makungwa ndimakasenda ndine, nyerere ndimamuonera ndine. Pochoka amathokoza m'Chisena, amati takhuta mayi Anastazia. Dzina langa safunsa.