Nthochi ya Njere Zakuda ku Shurugwi

Nkhani ya nthochiyi inayambira pamaliro. Tinali kukomboni yakale ya mgodi ku Shurugwi, kumene ndinabadwira, ndipo azibambo a sosaite yathu ya maliro anakhala pamabenchi kudikira bokosi. Ine ndinkawathirira tiyi. Bambo anga, amene anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka chifuwa chinawatulutsamo, anayamba kusimba za kwawo, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Anati m'zigwembe za kumeneko mumamera nthochi yakutchire, yonenepa tsinde moti munthu sangaikumbatire yekha, ndipo zipatso zake sizidyedwa chifukwa m'kati mwake mumadzaza njere zakuda zolimba ngati miyala.

Mdala wina wochokera ku Kasungu, mnzawo wa pamgodi, anaseka. Anati nthochi ilibe njere, imabzalidwa ndi ana ake omera m'mbali, ndipo zimenezi ngakhale mwana wakhanda akuzidziwa. Enanso anaseka, wina n'kunena m'Chishona kuti ukalamba wayamba kuwalotetsa masana.  Bambo anangoyang'ana m'kapu yawo. Ine ku Malawi ndinali ndisanapondeko, nthochiyo sindinkaidziwa, koma ndinkadziwa kuti bambo anga sanama.

Ndili ndi msuweni wanga amene amabwera kuchokera ku Malawi ndi zitenje ndi nsomba zouma kudzagulitsa ku Gweru ndi ku Zvishavane. Ndinamupempha kuti andifunire njerezo. Ulendo woyamba anaiwala. Wachiwiri anati aliyense amene anamufunsa ankangomudabwa. Kenaka anabwera nazo m'kabotolo ka mafuta odzola, atazipeza kwa munthu wotunga mikanda. Zambiri zinali zoboola kale pakati, zopanda ntchito, koma zina zinali zamtunthu.

Bambo anatenga imodzi, naigubuduza pachikhatho, naigogoda padzino.

"Ndi zimenezi," anatero.

Nditawafunsa kabzalidwe kake, anati sakudziwa. Kwawo kunalibe munthu wobzala zimenezi, zinkangomera zokha m'mphepete mwa mitsinje.

Choncho ndinayamba mongoyerekeza. Zoyamba ndinazikwirira m'zitini za dothi lakuda n'kumathirira tsiku ndi tsiku. Patapita miyezi ndinafukula, ndipo ndinapeza zitawola, zikununkha. Zotsatira ndinazinyika kaye m'madzi ofunda, ndinazikhula pasimenti ya khonde kuti khungu lipepukeko, n'kuziika mumchenga. Koma inali nyengo yozizira, ndipo kuno kumapiri kuzizira kwake sikwamasewera. Sizinawole, sizinamerenso. Amuna anga, amene amagwira ntchito kumgodi wa pulatinamu, anandiuza mwaulemu kuti ngati ndikufuna nthochi akhoza kundibweretsera ana a nthochi zodyedwa kuchokera kwa mnzawo. Ndinawathokoza, ndinati si zimene ndikufuna.

M'botolo munatsala njere zochepa, ndipo ndinkaopa kuziwononga. M'mawa wina ndikusesa ndinaona mulu wa manyowa a nkhuku ukufuka nthunzi. Ndinapisamo dzanja, m'kati munali motentha bwino. Ndinakumbukira kuti bambo ankati zigwembe za kwawo n'zofunda ndi zachinyezi. Ndinakwirira zitini zanga mumuluwo mpaka m'khosi, pamwamba n'kuphimba ndi thumba lonyowa, ndipo madzi ndinkathira pang'ono chabe.

Kutayamba kutentha, mvula isanagwe, m'chitini chimodzi munatuluka kansonga kotuwa ngati kadzino ka mwana. China chinatsatira. Ndinathamanga kukawaitana bambo, iwo anawerama nthawi yaitali, kenaka anati tidikire kaye, mwina ndi udzu. Sunali udzu. Kambewu kamodzi nkhuku zinakajompha tsiku limene ndinapita kuchipatala ndi bambo. Kotsalako ndinakaokera kuseri kwa nyumba, n'kukatchingira ndi waya wa khola lakale.

Vuto linali madzi. Mipopi yathu imatha kuuma kwa nthawi yaitali, ndipo kamtsinje ka kumunsi kwathu kanasanduka matope chifukwa cha makorokoza, anthu okumba golide paokha. Madzi akewo ndinkawaopa chifukwa cha mankhwala amene amatsukira golide. Ndinkakankha wilibala ya zigubu kupita kumjigo, umene kuno timati chibhorani, ndipo nthochi yanga inkamwa ngati ng'ombe. Amayi a pamzere ankandifunsa kuti idzabereka liti kuti adzalaweko. Nditawauza kuti sidyedwa, anayang'anana. Mayi wina woyandikana nane anandiuza mosabisa kuti madzi amenewo akanakhala a masamba, bwenzi ndikudyetsa komboni yonse. Sindinamutsutse, chifukwa ankanena zoona. Ndinangoyamba kusunga ndi madzi omwe otsukuluzira zovala.

M'mwezi wa Juni kunagwa chisanu choopsa. Ndinadzuka ndikupeza masamba onse atada, atalendewera ngati awiritsidwa. Bambo anayang'ana n'kunena kuti basi, yapita, ndisadzivutitsenso. Ndinatenga mpeni n'kudula pamwamba pa tsinde pang'onopang'ono mpaka ndinapeza pakati poyera, polimba. Ndinalikulunga tsinde lonse ndi masaka, udzu wouma ndi maovolosi akutha a amuna anga, mpaka linkaoneka ngati munthu waima kuseri kwa nyumba. Linakhala choncho mpaka mphepo ya Ogasiti. Ndiye pakati paja panatuluka tsamba lopindika ngati mphasa yokulunga. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse ndinkaiveka chisanu chisanafike, ngakhale itatalika moti ndinkafunika makwerero.

Inakula kupitirira denga. Masamba ake anali aatali kuposa chitseko, msana wake wofiira, ndipo tsinde linatupa kumunsi ngati mgolo. Bambo anasamutsira mpando wawo pamenepo. Tsiku lina anandituma kukaitana mdala wa ku Kasungu uja. Anabwera, anaizungulira, anamenya tsinde ndi ndodo yake, navomera kuti nthochi yotere sanaionepo. Koma anafunsa kuti njere zija zili kuti. Anati tsinde lonenepa si umboni, manyowa amanenepetsa chilichonse.

Tinadikiranso zaka. Pamene duwa linatuluka, lalikulu lofiirira, lozondoka ngati mutu wa ng'ombe, mdala uja anali atadwala matenda ofa ziwalo ndipo mwana wake anali atamutengera ku Munyati. Zipatso zitakhwima ndinadula chimodzi. Munali tinyama tochepa touma, kwinako njere zokhazokha, zakuda bii. Bambo anati tipite nazo.

Tinakwera minibasi, imene kuno timati kombi, mpaka ku Gweru, ina mpaka ku Kwekwe, ndi inanso, bambo akutsokomola njira yonse, zipatso zili m'chikwama pamiyendo pawo. Tinamupeza mdala uja atakhala pakhonde, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Bambo anasenda chipatso ndi chala, natulutsa njere, naiika m'dzanja lake limene linkagwirabe ntchito. Iye anaifinya, anaiyandikitsa kumaso.

"Munanena zoona, achimwene," anatero movutikira.

Ndinkayembekeza kuti bambo anenapo kanthu.  M'malo mwake anakoka mpando, ndipo awiriwo anayamba kukumbutsana za pansi pa mgodi, akusakaniza ndi Chilapalapa, chiyankhulo cha pamgodi cha masiku awo, mpaka nthawi ya kombi yobwerera inakwana.

Kunyumba nthochi ija inali itayamba kusintha. Masamba ankachita chikasu kuyambira m'munsi, ndipo latsopano silinkatulukanso. Ndinawonjezera madzi, ndinathira manyowa, ndinakumba m'mbali kuona ngati muli mbozi. Ndinafufuzanso pansi ngati pali mwana woti alowe m'malo, koma panalibe. Bambo anandipeza nditagwada pamenepo.

"Isiye, mwana wanga. Imeneyi imabereka kamodzi, kenaka imafa."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze zaka zonsezi. Anati anali ataiwala, akumbukira poona masamba aja. Ndinawakwiyira tsiku lonse.

Tsinde litayamba kupendekera kudenga, amuna anga analigwetsa ndi chikwanje tsiku limene sanapite kuntchito. Linali lodzaza madzi, lolemera, ndipo tinalitulutsa m'zidutswa pawilibala. Zipatso zonse ndinazisenda pabeseni, njere n'kuzitsuka. Zambiri zinayandama, ndipo nditaswa imodzi ndinapeza m'kati mulibe kanthu. Zimene zinamira ndinaziyanika pachoyala mumthunzi. Zinali zokwana dzanja limodzi.

Madzulo ake ndinayendera malo a kum'mawa kwa nyumba, kumene khoma limatchinga mphepo ndipo dzuwa limafika msanga, pafupi ndi pamene madzi a padenga amagwera. Pali miyala yambiri pamenepo. Ndinakabwereka piki kwa mayi woyandikana nane uja, ndipo m'mawa mwake ndinayamba kukumba.