Ndinabwera Ndikununkhira Maliro

Anzanga ankapita ku Joni kukafuna njinga ndi wailesi, koma ine chinandichotsa ku Malindi ndi mphuno yangayi. Amayi ankawamba nsomba, ndipo ife ana awo utsi unatilowa mpaka m'mafupa. Mafuta onunkhira m'nyumba mwathu ankangodutsamo, amayi akamapita kukasambitsa maliro a akazi anzawo. Lachisanu lina, pakhomo pa mzikiti, wamalonda wochokera kunyanja yamchere anandidontheza mafuta padzanja. Ndinalinunkhiza dzanjalo tsiku lonse ngati wopenga. Anati amachokera ku maluwa a mtengo, pachilumba cha Nzwani. Ndinasokerera khadi la chipani m'malaya, n'kudutsa malire pa Chiponde nditamusenzera katundu wamalondayo, ulendo wa ku Nzwani.

Maluwawo amawatcha langilangi. Ndi achikasu, olendewera ngati zala za munthu wotopa. Tinkathyola m'mamawa dzuwa lisanamwe fungo, kenako n'kuwaphika m'migolo monga atchezera kachasu, Mulungu andikhululukire, mpaka mafuta ayandame pamwamba pa madzi. Pambuyo pake anandisamutsira kumunda woyesera mbewu, kumene mayi wina wophunzira za mitengo ankafufuza kuti ndi mitengo iti yopatsa mafuta ambiri. Ine ndinkathirira mbande, iye n'kumandiphunzitsa kuweramitsa nthambi kuti maluwa asathawire kumwamba.

Malipiro anali a nkhuku, ongotola lero. Nsalu zimene ndinkatumiza kudzera mwa amalonda, zina zinkafika, zina zinkavalidwa ndi akazi a amalondawo panjira. Ndinkasungulumwa kwambiri, ndisaname. Masana fungo lija linkandiledzeretsa, ndipo ndikagona pansi pa mitengo ndinkalota nyanja yathu yonse itachita maluwa, mabwato akuyenda pakati pake opanda wopalasa. Uthenga wakwathu unkafika utakalamba. Wotsiriza unali wa mlongo wanga Asiyatu, wakuti amayi saonanso. Ndinamanga katundu. Potsanzikana, mayi wakumunda uja anandipatsa njere ndi kabotolo ka mafuta. "Kwanu n'kotentha ngati kuno," anatero. "Kayese."

Ndinawapeza amayi ali pakhonde, maso ali mbee.

"Salamu aleikumu, amayi. Ndine Bwanali."

Anandigwira dzanja, n'kulifikitsa kumphuno, n'kulitaya ngati agwira khala.

"Innalillahi! Iwe Asiyatu, bwanji sunandiuze kuti mwana wanga anafera kunjako? Mawuwa ndi ake, koma fungoli ndi la sanda."

Ndinaseka, kuyesa nthabwala. Sizinali nthabwala. Munthu amene wakulunga akufa moyo wake wonse, mphuno yake suitsutsa. Chakudya chimene ndinabweretsa anakana. Ankauza alendo kuti Bwanali anali mwana wabwino, ine ndili chikhalire pamphasa yomweyo. Ashehe anabwera kudzawatsimikizira, amayi n'kuwayankha mwaulemu kuti nawonso akumumva, koma akufa amachedwa kuzolowera. Zinandipweteka kuposa zaka zonse za ku Nzwani. Ndinasamba m'nyanja ndi sopo, ndinadzikwecha ndi mchenga, koma duwa lija linali litakhazikika m'thukuta.

"Achimwene, sopo mukungomuwononga," anatero Asiyatu. "Tengani nkhuni izi."

Ndinakhala pamoto wowambira nsomba, ntchito yomwe ija ndinaithawa, ndikutembenuza utaka, misozi ili chuchuchu. Kaya inali ya utsi kaya ya chiyani, musandifunse. Mwezi unatha choncho. Masana ena ndikudutsa pakhonde ndi dengu, dzanja linandikoka malaya.

"Bwanali! Wabwera liti? Ndiye ungodutsa osandipatsa moni?"

Ndinagwada, n'kunena kuti ndangofika kumene.

Njere zija tinakadzala ku Chowe, kutali ndi mphuno ya amayi, pamodzi ndi mlangizi wina wa ku Ntcheu amene ankakonda kuyesa zachilendo. Zambiri zinapsa ndi chilimwe. Zochepa zinagwira m'mbali mwa khwawa, ndipo alimi angapo anatengako mbande. Ndikachokera kumeneko ndinkayamba ndaima pautsi ndisanalowe m'nyumba, monga ena atsukira mapazi.

Ndinkayesa kuti amayi ndikuwabisira. Tsiku lina atadwala anandiitana.

"Maluwa ako aja achita?"

Ndinanunkhiza malaya anga.

"Ukatcheza mafuta, usagulitse onse. Undisungireko a pa sanda yanga. Pamenepo ndiye pamalo pake."

Mafuta oyamba a mitengo yathu sanadzaze ngakhale kabotolo kaja. Tsiku limene amayi anatisiya, akazi osambitsa maliro atatuma mwana kudzatenga, ndinapereka onse. Fungo linatuluka m'nyumbamo n'kudzaza bwalo, anthu n'kumafunsana kuti agula kuti. Ine ndinali nditavala malaya anga akale a pamoto, osachapa, kuti ponyamula jeneza amayi adziwe amene ali kumutu kwawo.