Kukaona Ngamila ya Woyimba ku Dwangwa

Tsiku limenelo kunacha ndi mwera. Pomwe ndimatuluka mumzikiti titatha swala ya m'mawa, mabango a m'mphepete mwa Chia anali akulira ngati munthu akusesa bwalo lalikulu. Asodzi sanalowe m'madzi. Ndinkamva mabwato akugundana pamene anawamangirira, ndiponso lata lina losakhomedwa bwino likumenya pa denga la anansi anga. Kunkazizira, moti ndinavala juzi m'kati mwa mkanjo.

Ndinali pa ulendo wokaona ngamila.

Mbiri inali itafika kwathu kuti woyimba wina wotchuka, amene nyimbo zake zimamveka m'minibasi iliyonse, wamanga nyumba kunyanja kupitirira Dwangwa ndipo akuweta nyama zachilendo. Dzina lake sindilemba. Zinazo sizinandikhudze, koma nditamva za ngamila tulo tinayamba kundivuta. Malemu mkazi wanga Zainabu ankakonda kunena kuti ngamila imagwada kuti munthu akwere. Anazimva kwa amalume ake amene anapitako ku Maka. Ine ndinkatsutsa, ndinkati chinyama chachitali chotero chingagwade bwanji osathyoka miyendo. Tinkati tidzakaona tokha tikadzapita. Ndalama za mpunga umene tinkalima sizinatifikitse kumeneko, ndipo kenaka iye anadwala.

Mwana wanga Asiyatu, amene ndimakhala naye, sanakondwe nawo ulendowu. Kwa zaka zambiri ndine amene ndakhala ndikuchita azana, kuitana anthu ku swala, pa mzikiti wathu waung'ono. Si ntchito yamalipiro, koma chimwalirireni Zainabu ndi imene imandidzutsa m'mawa. Asiyatu anati nyumba ya woyimbayo imadziwika ndi mowa ndi magule, ndipo akuluakulu a mzikiti akamva kuti ndinalowamo andilanda ntchitoyo.

"Bambo, anthu sadzafunsa kuti munakaona chiyani," anatero akundipatsa tiyi. "Adzangoti munali komweko."

Ndinamuyankha kuti ndikaona n'kubwerera, palibe amene akandidziwe. Ndinapempha a Saidi, mnzanga wa pamzikiti, kuti andigwirire azana masana amenewo. Sanandifunse kumene ndikupita, nanenso sindinanene.

Pamsewu, pafupi ndi mlatho wa Chia, amayi ogulitsa nsomba anali ndi zochepa m'mabeseni chifukwa cha mphepoyo, ndipo ankazitchula mitengo ngati akugulitsa mbuzi. Dzuwa litangokwera pang'ono inafika minibasi yochokera ku Salima. Ndinalipira K2,500 mpaka pa boma, n'kukhala pa thumba la mpunga la munthu wina, mawondo anga ali pachibwano. Pa boma ndinasintha. Kondakitala wa ya ku Dwangwa analumbira kuti yatsala munthu mmodzi yekha kuti inyamuke, anatenga K7,000 yanga, ndipo tinakhala pamenepo mpaka ndinawerenga mikanda yonse ya tasibihi yanga yopempherera n'kuyambiranso.

Titanyamuka, mtsikana wina wa pakoleji amene ndinayandikana naye anandifunsa mwaulemu kumene ndikupita. Sindinafune kunama, choncho ndinati ndikukaona nyama. Nkhani inayambira pamenepo. Iye anati zimenezi n'zochepa, anthu otchuka a kunja amagona ndi ana a mkango m'chipinda, ena amayenda ndi kambuku pa chingwe ngati galu. Anationetsa pa foni munthu wina akusambira m'dziwe la panyumba pake limodzi ndi ng'ona. Mayi wina wachikulire amene ananyamula nkhuku ziwiri anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, munthuyo uli nayo nambala yake?" anafunsa. "Umuuze abwere ku Bua adzatenge zonse. Sitimulipiritsa."

Minibasi yonse inaseka. Ine ndinakhala ndikuganiza kuti n'chiyani chimachititsa munthu amene ali ndi zonse kufuna nyama yosamufuna. Koma ndinakumbukira kuti nanenso ndili ndi nkhunda kuseri kwa nyumba zimene sindidya ndiponso sindigulitsa.

Msewu wa kumeneko ndi wopapatiza, m'mbali mwake munadyeka ngati chigumu chimene ana achiyamba. Tikakumana ndi lole dalaivala ankatsikira m'fumbi osachepetsa liwiro. Tinawoloka Bua, ndipo patsogolo pake minda ya nzimbe inayamba, yobiriwira mpaka kumene maso amalekezera. Kwina ankaotcha nzimbe zoti adule, ndipo phulusa lakuda linkalowa pa windo n'kumatera pa mkanjo wanga woyera.

Tinafika pa Dwangwa dzuwa lisanafike pamutu. Pa chiwaya pankanunkhira bwino, koma nyama imene sindikudziwa amene anaizinga sindidya, choncho ndinalowa m'kalesitilanti ka mayi wina wovala mpango n'kumwa tiyi wamkaka ndi chinangwa chophika. Kenaka ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, K3,000. Mwini wake ankayankhula Chichewa chopendekera kumpoto. Nditangotchula ngamila anati, "Yewo, ada, ndikudziwako. Koma musakaime kutsogolo kwake, imalavula ngati munthu wa fodya wa chingambwe." Tinadutsa m'misewu ya m'minda ya nzimbe, kenaka mumchenga momwe ndinatsika kawiri kuti akankhe.

Nyumbayo ili ndi mpanda wautali ndi geti lachitsulo. Mlonda atandiona, mkanjo, kofiya ndi ndevu zanga zoyerazi, sanandifunse n'komwe dzina. Anathamangira m'kati. Posakhalitsa anatuluka anthu awiri: bambo wina wamsinkhu wapakati dzina lake a Chirwa, amene amasamalira nyamazo, ndi mnyamata wa tsitsi lopaka utoto wofiira amene onse ankamutchula kuti Dairekita, chifukwa ndi amene amajambula mavidiyo a nyimbo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kumanditchula kuti Shehe.

Zinanditengera kanthawi kuti ndimvetse chimene ankasangalalira. Munthu amene anabweretsa ngamilayo anabwerera kwawo, ndipo chichokereni iye, nyamayo inakana kugwada pamaso pa anthu. Ankaifuna itagwada kuti bwana wawo akwerepo m'vidiyo ya nyimbo yatsopano. A Chirwa, amene kale ankaweta ng'ombe, anali atailankhula m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chingerezi. Onse anagwirizana kuti imangomva Chiarabu, ndipo ataona mkanjo pa geti anati Mulungu wawayankha.

Ndinawauza kuti sindine shehe, ngamila sindinaionepo chibadwire, ndipo Chiarabu chimene ndimadziwa ndi chopempherera, si cholamulira ziweto. Nkhope zawo zinagwa, komabe anandilola kulowa. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asandijambule, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Dairekita anaika dzanja pachifuwa.

"Musadandaule, madala. Kamera ili m'chikwama, lero sitikugwira ntchito."

A Chirwa ananditsogolera. Tinayamba ndi pikoko, mbalame yokongola kuposa nsalu iliyonse imene ndinaionapo pa ukwati, koma italira ndinadzidzimuka, ndimayesa mayi wina wagwidwa ndi ng'ona. Panali nthiwatiwa imene anati inameza supuni ya wophika ndipo sinadwale. Panali nsato m'bokosi lagalasi, ili ndi babu lakelake loitenthetsa. A Chirwa anati magetsi akazima nthawi yozizira amaliza jenereta chifukwa cha njokayo, pamene iwo kunyumba kwawo amayatsa kandulo. Ananena zimenezi mosadandaula, ngati akunena za mvula. Pakhonde panali pusi wovala malaya a mpira, womangidwa m'chiuno, akusenda nthochi mosakondwa.

Amene ankamupatsa nthochiyo anali mwini nyumba. Ndinkayembekeza chimunthu chachikulu, koma ndinapeza mnyamata wamfupi wovala masilipasi, maso ofiira ndi tulo. Anaimirira kundipatsa moni. Ndinamufunsa chimene amawetera nyama zimenezi, pakuti ndinkafunadi kudziwa. Anaseka pang'ono.

"Kunena zoona, bambo, anthu anatopa ndi magalimoto m'mavidiyo. Aliyense ali nayo galimoto. Ngamila ndani ali nayo?"

Yankholo ndinalikonda chifukwa sanalikometse.

Ngamilayo inali m'khola la mitengo kuseri kwa nyumba. Ndinaima patali pang'ono, monga anandichenjezera wa kabaza. Ndi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira, ya mtundu wa mapesi a mpunga ouma, ndipo linunda lake linali litapendekera mbali imodzi. Mapazi ake ndi ofutukuka ngati zitumbuwa zazikulu. Nsidze zake ndi zazitali moti mtsikana angazisirire. Inkadya nthambi za mthethe ndi minga yomwe, ikutafuna cham'mbali, mosafulumira, ngati nkhalamba yopanda mano. Fungo lake silabwino. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi mmene inkayang'anira: inkadutsitsa maso pamwamba pa mitu yathu, madzi onse aja a m'nyanja osawalabadira n'komwe. Ndinadzifunsa ngati imadziwa kuti ili kutali ndi kwawo, kapena kwa iyo mchenga ndi mchenga basi.

A Chirwa anakoka chingwe, anaigogoda m'mawondo ndi kandodo, anaiimbira mluzu wa ng'ombe. Iyo inangobuula n'kupitiriza kutafuna. Ndinayang'anitsitsa mawondowo. Ali ndi zikang'a zakuda zolimba, ngati za munthu amene wagwada moyo wake wonse, ndipo ndinayamba kukayika mbali yanga ya mkangano uja.

Nthawi ya swala ya masana itakwana ndinapempha madzi n'kutawaza, kumene kuli kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi munthu asanapemphere. Kutsogolo kwa nyumba kunali mabotolo ndi nyimbo, choncho malo oyera ndi abata amene ndinapeza anali pansi pa mtengo, pafupi ndi kholalo. Ndinayala nsalu yanga pamchenga, ndinayang'ana chakumpoto, ngamila ili kumbuyo kwanga. Ndili m'kati mwa swala, chipumi chili pansi, ndinamva kubuula kwakukulu, kenaka kugunda kumene ndinakumva ndi m'mawondo momwe, kenakanso kugunda kwina. Ndinadziwa chimene chachitika. Khosi langa linafuna kutembenuka, sindibisa. Koma munthu sacheuka ali pamaso pa Mulungu. Pomwe ndimamaliza n'kupereka salamu yotsekera swala, ngamila inali itaimirira kale, mchenga uli m'mawondo.

A Chirwa anali atagwira pakamwa. Anati inagwada bwinobwino, inakhala pang'ono, n'kudzukanso yokha. Sindikuganiza kuti inagwadira swala yanga. Mwina inangoona kuti kwa kanthawi palibe amene akuikoka chingwe. Dairekita anali chapatali, akuyang'ana pansi, foni ili m'manja. Ndinadikira mpaka mthunzi wa mtengo unafika pa mpanda, koma nyamayo sinabwerezenso. Ndinatsanzika. Mwini nyumba anafuna kundipatsa ya thiransipoti, ndinathokoza n'kukana.

Pobwerera, kuchokera pa Dwangwa mpaka pa boma ndinagona tulo. Koma m'minibasi ya ku Chia ndinaona anthu akundiyang'ana, kenaka n'kuyang'ana mafoni awo. Kondakitala anandiyang'ana nthawi yaitali asanalandire ndalama.

"Ndi omwewa," anauza dalaivala. "Shehe wa ngamila uja ndi awa."

Mayi amene anali pambali panga anachita manyazi m'malo mwanga, komabe nditamupempha anandibwereka foni yake. Dairekita anali atandijambula kuchokera kumbuyo kwa khola, n'kuikapo nyimbo yatsopano ija, ya mwamuna amene akugwadira mkazi pa malo omwera mowa. Ndinaona nkhalamba yoonda kuposa mmene ndimadzidziwira, itawerama pamchenga. Kumbuyo kwake ngamila inapinda miyendo yakutsogolo n'kugwa ndi mawondo, thako lili m'mwamba, kenaka inapinda yakumbuyo pang'onopang'ono ngati mpando wopinda wa pamaliro, n'kukhazikika, khosi lili chilili. Palibe chimene chinathyoka. Ndinapempha mayiyo kuti atsitse mawu a nyimboyo n'kundibwerezera, ndipo anandibwerezera mpaka pamene ndinatsikira.

Kunyumba ndinapeza vidiyoyo itafika kale. Asiyatu sananene kuti anandichenjeza, anangondiikira madzi osamba. M'mawa mwake, titatha swala, akuluakulu a mzikiti anandipempha kuti nditsalire. Anayankhula mofatsa. Anati akukhulupirira zimene ndawafotokozera, koma ana ayamba kale kuimba nyimbo ija ndikamadutsa, ndipo sizingakhale bwino kuti mawu oitanira anthu kwa Mulungu azituluka pakamwa pa munthu amene anthu akamuona akukumbuka nyimbo ya ku mowa. Anati a Saidi apitirize azana kufikira nkhaniyi itazizira. Sananene kuti izizira liti, ndipo mpaka lero ndi a Saidi.

Zinandipweteka. Ndimadzukabe nthawi yomweyo, n'kukhala pamphepete pa bedi kudikira mawu a munthu wina. Asiyatu ankafuna kupita yekha ku Dwangwa kuti akamuone Dairekita maso ndi maso, koma ndinamuletsa. Pa ulendowu ndinaona kuti m'nyumba ngati imeneyo chilichonse cholowa pa geti chimasanduka choonetsa anthu, kaya ndi pusi, kaya ndi njoka, kaya ndi nkhalamba ya mkanjo, ndipo anyamata aja anazolowera moti sakuonanso kusiyana kwake. Pa geti limenelo ndinalowa ndi miyendo yanga. Akuluakulu nawo anachita zimene anaona kuti zisunga ulemu wa mzikiti, ndipo ndikanakhala pa malo awo sindikudziwa ngati ndikanachita zosiyana.

Mnyamata uja anaphwanya lonjezo lake, ndipo anzanga anandichotsa pa ntchito imene ndinkaikonda. Onsewo ndinawakhululukira.